Chikwanje chachifupi pa tsala lowirira: kodi chingathane nalo?

Mphunzitsi Wopuma, Domasi

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munazolowera ntchito ya m'tchire. Ndili ndi malo m'munsi mwa phiri la Zomba, cha kuno ku Domasi, amene makolo athu ankalima kale koma akhala tsala kwa zaka zambiri, ndipo tsopano ndikufuna kuwatsegulanso kuti ndibzalepo nthochi ndi mitengo ya zipatso. Malowa ndi otsetsereka, ali ndi miyala yambiri, ndipo chimene chameramo si udzu wokha ayi. Muli lantana wolukanalukana ndi lunguzi, muli ziyangoyango zimene zakwera m'mitengo, muli mphukira za mitengo yachilengedwe zimene zina zanenepa kufika pa mpini wa khasu, ndipo kumunsi, kufupi ndi khwawa, kwayanga chitedze.

Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira chikwanje chachifupi cha kampani ya Tramontina, chimene chitsulo chake n'chotalika mainchesi 12, omwe ndi masentimita pafupifupi 30. Iye anaganizira za phewa langa, limene silikufunanso kunyamula zolemera. Koma anzanga a m'mudzi atachiona anaseka, nati chimenechi n'chosendera nzimbe, ndipo anandiuza kuti ndipite kumsika ndikagule chikwanje chachitali chimene aliyense amagwiritsa ntchito.

Funso langa lili patatu. Kodi chikwanje chachifupi chotere chingathedi kulambula tchire la mtundu umene ndafotokozawu, kapena ndingotaya nacho nthawi? Ngati chingathe, kodi katemedwe kake kamasiyana bwanji ndi ka chikwanje chachitali? Ndipo popeza chinabwera chosathwa kwenikweni, makamaka cha kunsonga, kodi ndichinole motani kuti chisabenthuke pamalo a miyala ngati anga?

Wa ku Chintheche

Aphunzitsi, amene akukusekaniwo akuganiza za udzu ndi bango, ndipo pa zimenezo sakunama, koma tchire limene mwafotokozali ndi la mtundu wina. Mphamvu ya chikwanje chachitali, cha mainchesi 18 kapena kuposerapo, ili pa liwiro la nsonga yake: mkono ukachizunguza pamalo poyera, nsonga imayenda mtunda wautali m'kanthawi kochepa, n'chifukwa chake chimagwetsa bango kapena nsenjere zambiri pa kutema kumodzi. Mukalowa nacho pakati pa lantana ndi ziyangoyango, malo ochizunguzira sapezeka. Mukachikweza chimakodwa pamwamba kapena kumbuyo, chimafika pa mtengo mphamvu itatha kale, ndipo nthawi zina chimapatuka n'kulunjika pa bondo la mwini wake. Kuno kunyanja, kumene munda wa chinangwa umabwerera kuthengo msanga chifukwa cha mvula yambiri, anthu ambiri amasunga chikwanje chakale chimene chinathyoka kunsonga n'kukonzedwanso, ndipo ndi chimenecho amatenga akamalowa pothinana. Choncho yankho langa ndi lakuti chingathe, pokhapokha mutasintha katemedwe.

Musanateme kanthu kalikonse, dulani ngowe. Pezani nthambi yolimba yotalika pafupifupi mita imodzi, yokhala ndi kamphanda kumapeto, ndipo muziigwira kudzanja lamanzere. Ngowe imeneyi ndiyo imabweza kutalika kumene chikwanje chanu chilibe: mumakokera nayo nthambi za minga kumbali kuti tsinde lionekere, mumapindira nayo mphukira, ndipo mumakankhira nayo kumbuyo zimene mwadula kale. Dzanja lamanzere lisagwire chinthu chimene chikwanje chikulunjikapo. Mabala ambiri a chikwanje amene ndawaona anali a pa zala za dzanja lamanzere, za munthu amene anagwira nthambi kuti aiteme bwino.

Kagwiridwe nakonso n'kofunika. Musachifumbate mwamphamvu ndi zala zonse, chifukwa mukatero mphamvu yonse imachokera kuphewa, ndipo phewalo ndi limene mwati likukuvutani. Chala chachikulu ndi cha mkombaphala ndizo zigwire zolimba, zala zinazo zikhale zomasukirapo, ndipo chikwanje chikamayandikira mtengo mufumbate msanga uku mukupinda mfundo ya dzanja, kotero kuti chimadzigwetsa chokha. Malo amene ayenera kugunda mtengo ndi potambalala pa chitsulocho, kufupi ndi kunsonga koma osati nsonga yeniyeniyo, popeza m'pamene kulemera kwa chitsulo kwasonkhana.

Musamateme mopingasa. Mtengo mukautema molunjika chopingasa, chikwanje chopepuka chimanjanja kapena chimakanirira momwemo, koma mukachipendeketsa pafupifupi madigiri 45 chimalowa motsata mitsempha ya mtengowo, ndipo mphukira yonenepa ngati chala kapena zala ziwiri imagwa ndi kutema kumodzi. Zokulirapo zija muzizipinda pang'ono ndi ngowe, kenako muteme kunja kwa popindikapo, pamene pakungika; pamenepo mtengo umatseguka wokha, kungoti muime pambali chifukwa umafwamphuka. Zofika pa mpini wa khasu muzizitema mosinthanitsa, kamodzi kuchokera pamwamba, kamodzi kuchokera m'munsi pang'ono, kuti zibanthu zizituluka. Ngati ndinu wa dzanja lamanja, mwendo wakumanzere ukhale kumbuyo, popeza kumeneko n'kumene chikwanje chimathera chikapyola.

Popeza malo anu ndi otsetsereka, yambirani kumunsi muzikwera. Mukatero matsinde amakhala patsogolo panu, pokwererapo, ndipo simuwerama kwambiri, chimene ndi chinthu chachikulu kwa munthu wa chikwanje chachifupi. Komanso zodulidwa zimagwera kumbuyo kwanu, pamene mwalambula kale. Ziyangoyango muzidule pawiri, pamsinkhu wa pachifuwa ndi pansi, ndipo za m'mwambazo musalimbane nazo, zisiyeni ziume momwemo. Lantana ndi lunguzi muziyamba ndi nthambi zakunja, pang'onopang'ono, mpaka mutafika patsinde.

Pamene chimalepherera ndi poonekeratu. Udzu ndi wa chikwakwa, ndipo mtengo wonenepa kuposa mkono wanu ndi wa nkhwangwa kapena sowo.

Mmisiri wa ku Ndirande

Bambo, ine ndiyankhe za chitsulo, popeza ndiyo ntchito imene ndimadyera. Zimene afotokoza achimwene a ku Chintheche ndikugwirizana nazo, koma ndiwonjezere kuti zikwanje zazifupi si zofanana. Chanucho, cha kampani ya ku Brazil, n'chopyapyala, pafupifupi mamilimita 2 kumsana kwake, ndipo n'chopepuka, chopangidwira zomera zanthete ndi nthambi zing'onozing'ono. Palinso zazifupi zolemera, monga golok imene kampani ya Ralph Martindale ya ku Birmingham, ya chizindikiro cha ng'ona, inkapangira asilikali a Britain olowa m'nkhalango. Imeneyo ndi ya mainchesi 13 koma ndi yochindikala kwambiri, ndipo imatema mitengo pafupifupi ngati kankhwangwa. Amisiri athu akasula chikwanje kuchokera ku sipuling'i ya galimoto chimatuluka cha mtundu wolemerawu. Ndikunena izi kuti mudziwe malire a chanucho: pa lantana, lunguzi ndi ziyangoyango chidzakusangalatsani, koma pa mphukira zokhwima za mombo chidzafuna kuleza mtima, ndipo musachigwiritse ntchito potukula miyala kapena kukumba mizu.

Kubwera chosathwa si vuto la chanu chokha, chifukwa zambiri za mtunduwu zimachoka kufakitale zitangoyambidwa kunola, ntchito yotsala n'kusiyira mwini wake. Gulani tupa kuhadiweya, ndipo muonetsetse kuti mwaikako chigwiriro. Panani chikwanje pa benchi, kapena chikhomereni nsonga pa chitsa, mbali yakuthwa italoza kutali ndi inu, ndipo muzikankha tupa kuchokera kumsana kupita kukuthwa, osabweza mokhuza chitsulo. Pitirizani mbali imodzi mpaka mutamva ndi chikhadabo kuti kuseri kwatuluka kachitsulo kopyapyala kopindikira uko, kenako tembenuzani muchite chimodzimodzi, ndipo pomaliza mupititse pa mwala wonolera wothira madzi kuti kachitsulo kaja kachoke.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndicho kupyapyalitsa kwambiri mbali yakuthwayo pofuna kuti chizimeta. Chikwanje chotero chimadula bwino m'mawa umodzi, koma chikangokhudza mwala kapena nsungwi youma chimabenthuka kapena kupindika. Pamalo a miyala ngati anu, siyani nyama kumbuyo kwa kuthwako, kuti chitsulo chizinenepa msanga mobulungira kuchoka pakuthwa. Malo a zala zitatu kufupi ndi chigwiriro musawanole konse, popeza satema kanthu ndipo ndi pamene dzanja limatsetserekera likachita thukuta. Makina onolera amagetsi muwapewe, kapena wonolayo aziviika chitsulo m'madzi pafupipafupi. Mukaona m'mphepete mwasanduka mtundu wobiriwira ngati wa thambo, dziwani kuti chitsulo chapsa ndipo pamenepo sipadzasunganso kuthwa. Popita kumunda tengani tupa m'thumba, ndipo muzikhudzako pang'ono nthawi iliyonse imene mwaima kuti mumwe madzi, chifukwa chikwanje chobuntha ndicho chimanjanja.

Za chigwiriro, ngati n'chamtengo, palani ndi sandipepala m'mbali mwake pamene mtengo wapitirira chitsulo, apo ayi matuza akutulukani tsiku loyamba lomwe. Ena amakulungako mphira wa chubu cha njinga kuti chisaterere, ndipo zimathandiza. Chitsulo cha mtunduwu chimachita dzimbiri msanga, choncho mukaweruka muchipukute utomoni ndi kuchipaka mafuta. Ngati muzisenderanso nzimbe kapena chinangwa, pakani mafuta ophikira osati oilo wa galimoto.

Mayi wa ku Muloza

Pepani abambo, ine ndisiyaneko maganizo pang'ono ndi amene ayankha kalewa. Iwo alankhula za mtengo ndi chitsulo, koma sanalankhule mokwanira za thupi la munthu amene wagwira chikwanjecho. Kusiyana kwa mainchesi 12 ndi 18 ndi masentimita 15, ndipo masentimita amenewo ndiwo mtunda umene umakhala pakati pa dzanja lanu ndi minga, pakati pa nkhope yanu ndi chisa cha mavu chimene simunachione. Minga ya lunguzi ndi yokhota, imakola ikakhudza, ndipo nthambi yake ikadulidwa sigwa pansi koma imalendewera n'kubwerera kumene kwachokera chikwanje. Kuno m'munsi mwa phiri la Mulanje tchire limakula chimodzimodzi ndi kwanuko, ndipo amene amalambula m'malire mwa minda ya tiyi sasiya chachitali kunyumba ngakhale atatenga chachifupi. Malangizo anga ndi akuti mukhale nazo zonse ziwiri, kapena mulembe mnyamata waganyu kuti atsegule kunja ndi chachitali, inu muzitsatira ndi chanucho pamatsinde ndi pothinana.

Kumunsi kwa chitedze kuja ndiko ndikukuletsani kulowako ndi chachifupi nyengo ino. Mvula ikatha ndipo nyemba zake zikauma, ubweya wake umauluka mukangogwedeza chiyangoyangocho, ndipo munthu woima pafupi amasamba nawo kumaso ndi m'khosi. Ngati simungadikire kuti mudzachidule chisanabereke, pitaniko m'mamawa mame asanaume, mphepo ikhale kumbuyo kwanu, mudule patsinde pokha n'kuchokapo, ndipo zovala zimenezo musalowe nazo m'nyumba. Chimodzimodzinso ngati m'malire mwa malowo makolo anabzalamo nkhadze, monga ankachitira ambiri: utomoni wake woyera uja ukadonthera m'diso umatentha koopsa ndipo ungawononge kuona, choncho magalasi otchinga maso si chinthu chonyadira. Ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali ndipo mupite kuchipatala.

Tsala la miyala ndi malo a mphiri, ndipo mphiri sithawa ikamva mapazi monga zimachitira njoka zina, imangokhala phee pamene yagona. Munthu wa chikwanje chachifupi amatsitsa dzanja mpaka pafupi ndi nthaka, ndiye ngowe imene atchula aja muziyamba mwagwedeza nayo patsinde musanaweramirepo. Valani jombo, buluku lochindikala ndi malaya a manja aatali. Golovesi ndi yabwino kudzanja la ngowe, koma kudzanja la chikwanje ikhale yokugwirani bwino, chifukwa yokhwepa imapulumutsa chikwanje m'manja. Njoka ikaluma musacheke pabalapo, musayamwe, musamange mothinitsa. Wolumidwayo asayendeyende, anyamulidwe kupita kuchipatala.

Mukadzitema, tsindikizani pabala ndi nsalu yoyera mpaka magazi asiye, kwezani mkono kapena mwendowo, tsukani ndi madzi oyera, ndipo musathirepo dothi, phulusa kapena ndowe. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'nthaka, ndipo abambo ambiri a msinkhu wathu sanabayitsenso katemera wake chikulireni, choncho ndi bwino kukafunsa kuchipatala chaching'ono musanayambe ntchitoyi. Musamapite nokha, koma amene mwapita nayeyo atalikirane nanu mokwanira, ndipo muziweruka dzuwa lisanafike pamutu, popeza mkono wotopa ndiwo umaphonya.

Pali chinthu chinanso chimene katemedwe kopendeketsa kaja kamasiya m'mbuyo, ndicho zisonga. Mphukira iliyonse yodulidwa mopendeketsa imatsala yosongoka, ndipo pamalo otsetsereka munthu akaterereka amagwera pomwepo. Musachoke pamalo musanazidulenso mofanana ndi nthaka.

Mphunzitsi Wopuma, Domasi

Ndathokoza kwambiri nonsenu. Ngowe ndadula, tupa ndagula, ndipo za mnyamata waganyu ndazimva, mayi; kumunsi kwa chitedze ndikusiya kaye. Ndayesa cha kumtunda, pamene pali lantana yekhayekha, ndipo chikwanjecho chikulowa bwino ndikachipendeketsa monga mwanenera. Koma mnzanga wina wandiuza kuti lantana ndikungomumeta, adzaphukanso ndi mvula yoyamba. Kodi ndi zoona? Nanga mphukira za mitengo yachilengedwe zija ndizigwetse zonse, popeza ndikufuna kubzala nthochi?

Mlangizi wa Nkhalango Wopuma, Liwonde

Aphunzitsi, mnzanuyo wakuuzani zoona. Lantana ndi chomera chochokera ku America, chimene chinabwera ngati duwa la pampanda, ndipo chimaphukira patsinde pomwe mwadulapo, kawirikawiri ndi nthambi zambiri kuposa poyamba. Mbalame nazo zimadya zipatso zake n'kumafesa njere paliponse. Ntchito ya chikwanje pa lantana ndi kuchotsa nthambi kuti mufike patsinde basi. Musadule tsindelo mpaka pansi, siyani kachitsa kofika m'mawondo kuti mudzapeze pogwira, ndipo mvula ikadzafewetsa nthaka mudzabwerere ndi khasu kapena piki n'kuzula mutu wonse wa mizu. Nthambi zodulidwazo muziunjike pamiyala, chifukwa zikagona panthaka yonyowa zina zimagwira mizu, komanso musalole ng'ombe kapena mbuzi kudya masamba ake, popeza amawononga chiwindi cha ziweto. Moto sumutha lantana, ndipo m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala moto wa patsala umathawira kuphiri mosavuta.

Za mphukira, ndikupemphani kuti musazigwetse zonse, ndipo apa ndi pamene chikwanje chanucho chimaposa chachitali kutali. Zitsa zimene makolo anu anasiya zili ndi mizu yakuya kale, kotero mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande iliyonse imene mungagule. Njira yosamalira mphukira zotere inatchuka ku Niger m'zaka za m'ma 1980, kumene Tony Rinaudo wa ku Australia ankagwira ntchito ndi alimi, ndipo alangizi akuiphunzitsanso kuno kwathu. Pa chitsa chilichonse chimene mwasankha kusunga, siyani mphukira zowongoka ndi zamphamvu zitatu kapena zisanu, zinazo mudule, kenako musadze nthambi zam'munsi za zotsalazo mpaka pafupifupi theka la msinkhu wake. Posadza muzitema chokweza, kuchokera pansi pa nthambi kupita m'mwamba, chifukwa mukatema chotsitsa nthambi imagwa ikung'amba khungwa la thunthu, ndipo chilonda chimenecho ndicho khomo la chiswe ndi matenda. Kutema chokweza pakati pa mphukira zoyandikana, osakhudza imene mukufuna kusunga, n'kovuta ndi chikwanje chachitali, koma ndi cha mainchesi 12 chonoledwa bwino kumatheka. Kungoti nkhope ikhale kumbali, osati pamwamba pa nthambiyo. Masuku ndi mpoza muwasunge chifukwa cha zipatso, ndipo mitengo ya m'mbali mwa khwawa muisiye yonse, chifukwa ndiyo yagwira nthaka pamalo otsetserekawo ndipo nthochi zanu zidzafuna chinyontho chimenecho.

Popeza malo anu ali m'munsi mwa phiri, tsimikizani malire musanakwere kwambiri. Nkhalango ya Zomba ndi Malosa ndi yotetezedwa, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango yotere popanda chilolezo. Tsala la zaka zambiri limasokoneza malire ngakhale pakati pa anansi, choncho itanani a mfumu ndi eni minda yoyandikana nanu kuti muyendere limodzi, ndipo ngati mwayandikira nkhalango ya boma mufunsenso ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu.

Chikwanje chachifupi chimalowa m'chikwama, ndipo apolisi akachipeza chobisika pa munthu m'tauni kapena pa rodibuloko amafunsa mafunso ambiri kuposa a chachitali chimene mlimi wanyamula poyera pamodzi ndi khasu. Chipangireni chimake cha chikopa kapena cha paipi yapulasitiki yofewetsedwa pamoto n'kuphwatalitsidwa, muzichinyamula pokhapokha popita kumunda ndi pobwerera, ndipo mukamatsika potsetsereka chizikhala m'chimakemo kapena kudzanja la kumunsi kwa phiri, mbali yakuthwa italoza kunja.